Madontho Oyera pa Khosi la Besi

Besi ya achimwene anga ilibe timizere tachitsulo tija timene timagawa khosi la gitala za m'sitolo. Khosi lake ndi losalala kuyambira kumutu mpaka kubokosi, la mtengo wa mbawa, ndipo bokosilo ndi la paini wa konkuno ku Dedza. Anaipanga okha m'shedi mwawo pa Mayani, mmene amakhomeramo zitseko ndi mipando, n'kumangapo mawaya atatu a mabuleki a njinga yamoto. Munthu akawafunsa kuti nanga poika chala amapadziwa bwanji, ankaseka. "Chala sichidziwa kanthu. Limadziwa ndi khutu."

Mawu ake ndiwafotokoze bwanji kodi? Sadumpha kuchoka apa kufika apo ayi, amatsetsereka, ngati ng'ombe ikamalira kutsidya kwa dambo. Ine ndimayimba alito m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo ndikaima pafupi ndi besiyo, mawuwo ndimayamba kuwamva m'mimba asanafike m'makutu. M'mwezi wa Juni, zala zitauma gwa ndi chisanu, achimwene amayamba asisita khosilo ndi chikhatho mpaka lifunde.

Ndiye khutu lija linayamba kufa. Makina opalira matabwa anali atawasokosera zaka zambiri. Chala chinayamba kutera pambali pa malo ake, pang'ono pokha, komatu pa besi yopanda mizere palibe chokubweza. Kwaya yonse inkapendekera komweko. Atsikana a sopulano ankatsinana. Tikamaliza, achimwene ankafunsa kuti, "Zamveka bwanji?" Ife tonse, "Bwino kwambiri!" Ndipo woyankha mokweza kuposa onse ndinali ine. Manyazi ake ndidakali nawo.

Ukwati wa mwana wa mkulu wa mpingo utayandikira, aphunzitsi a kwaya anandiitanira kuseri kwa tchalitchi. "Mayi, inu ndi mlongo wawo. Muwauze, apo ayi pa ukwatiwu tiyimba popanda besi."

Ndinapsa mtima. Ndiwauze chiyani? Iwowo ndiwo mwini mbumba kwathu. Anandilera bambo atamwalira, ukwati wanga anauyendera ndi iwo, milandu ya ana anga amaiweruza ndi iwo. Ine wamng'ono ndikaime pamaso pawo n'kunena kuti makutu atha? Ha! Zimenezo ayi.

Ndinapeza nzeru, nzeru yake yauchitsiru. Tsiku lina achimwene atapita kumaliro ku Kabwazi, ndinakatenga besi ija m'shedi n'kupita nayo kwa aphunzitsi. Iwo akudina kiyibodi, ine ndikusakasaka mawuwo ndi chala pa waya, ndikawapeza n'kudonthezapo penti yoyera. Ndinkati maso awathandize pamene makutu alephera, wina aliyense asatsegule pakamwa. Ndinaibwezera pamsomali pake ndikudziona wochenjera kwabasi.

M'mawa mwake ndinawapeza atakhala pabenchi, besi ili pamiyendo, akupala madontho aja ndi sandipepala. Sanadzutse mutu.

"Ndiwe?"

"Ndine, achimwene."

"Zophonyazi zinayamba liti?"

Ndinafuna kunama, koma lilime linakana. "Chaka chatha, nthawi yokolola."

Anasiya kupala. Anauzira fumbi pakhosipo, n'kuyendetsapo chala chachikulu. "Penti sinandipweteke, iyi ndichotsa. Koma chaka chathunthu ndikuseketsa ana, iwe uli pambali panga ukumwetulira?"

Ndinalira, kulira kwenikweni, mamina ndi misozi. Ndinawauzanso za ukwati, kuti anthu akufuna kuyimba popanda iwo. Ndinkaopa kuti aipachika besiyo osadzaigwiranso, ndipo wochititsa ndikhala ine. Koma iwo anati, "Uziima kumanzere kwanga. Ndikaphonya, undiponde phazi. Kukweza kapena kutsitsa ndidziwa ndekha, bokosili limandiuza pachifuwa. Koma usadzandimwetulirenso."

Pa ukwatiwo ndinawaponda katatu. Tangoganizani, kuponda phazi la mwini mbumba mpingo wonse ukuona! Alamu anga anandiponyera diso kuchokera pabenchi ya amayi, ine thukuta kamukamu ngakhale kunkazizira. Koma ndikangoponda, chala chinkatsetsereka, n'kusakasaka, n'kukafika pamalo pake, ndipo mawu aja ankakhazikika pansi pa kwaya yonse. Aphunzitsi sanadzandiitanirenso kuseri.

Papita miyezi tsopano, ndipo kupondako kukuchulukirachulukira. Nsapato yawo yakumanzere inachita kuyera pamwamba. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndikuwathandiza kapena ndikungotalikitsa chinthu chimene chinatha kale.

Lamulungu lapitali, pa nyimbo yotulukira, anaphonya kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anali atatsinzina, mutu ukuyenda uku ndi uku, nkhope ili ngwee. Phazi langa linakana kunyamuka. Ndinangoyimba alito yanga, mtima ukuwawa.

Tili panja, anthu akupatsana moni, anandigwira mkono.

"Yomaliza ija sunandiponde. Ndiye kuti ndinakhoza?"

Ankandiyang'anitsitsa pakamwa, poti masiku ano mawu a munthu amawatola pamilomo.

"Munaphonya, achimwene. Yonse."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Zikomo," anatero, n'kundipatsa besi ija kuti ndiwanyamulire.