Mabowo a m'nyumba yanga ku Chulu

Ndimaphunzitsa ku Lilongwe, koma sukulu zikatsekera ndimapita kwathu ku Chulu. Kale ndinkafikira m'nyumba ya amayi, yamalata opanda siling'i. Mu Okutobala munkatentha ngati m'balani ya fodya, mu Juni munkazizira mpaka mano kuguguda. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndiye tsiku lina nditadzuka thukuta lili kamukamu ndinangoti basi, ndimanga kanyumba kanga ka zipinda ziwiri kofikiramo pa holide.

Pulani ndinajambula ndekha. Njerwa zowotcha sindinazifune, chifukwa mitengo kwathu inatha kale ndi zigafa za fodya. Ndinaumbitsa zidina, khoma lake lochindikala kuti kutentha kwa masana kuzilowa mochedwa. Malata ndinawatulutsa kwambiri kuti mvula isamamenye khoma, kunsi kwake ndinayala siling'i ya mphasa, pamwamba n'kuikapo sola imodzi yowunikira ndi kutchajira foni. Chimene ndinkanyadira kwambiri ndi mabowo amene ndinasiya m'mwamba mwa makoma, oti mpweya wotentha uzitulukirapo. Mmisiri wanga, bambo wa ku Santhe, ankaseka kuti ndikumangira mileme. Amayi nawo anati ana ophunzira timamanga nyumba ngati nkhokwe. Ndinawayankha kuti adikire Okutobala, ndipo atafika Okutobala onse ankabwera kudzakhala m'kati masana.

Masiku amenewo masola ankazulidwa pamadenga m'midzi yoyandikana nafe. Choncho ndinaika chitseko chachitsulo cha mpiringidzo wam'kati, mawindo otseka bwino opanda mpata, kunja kwake zitsulo. Nyumba yosagonamo munthu imaitana akuba, ndiye amayi anavomera kuti azigonamo ine ndikakhala kutauni.

Zimene sanandiuze pa foni ndi zoti nyumbayo anaipezera ntchito ina. Amayi amalima fodya wa bale, ndipo m'nyengo yozizira tsamba limauma gwa, ukaligwira posankha limafumbutuka m'manja. Limafuna pamalo pachinyezi, popanda mphepo. Iwo anasamutsira fodya yense m'chipinda chachiwiri, nawaza madzi pansi, nakwera pa mtondo n'kutseka bowo lililonse ndi ziguduli zomangira mabelo. Mlimi wa fodya aliyense akanachita chimodzimodzi.

Sukulu zitatsekera mu Julayi ndinagona kwa mnzanga pa boma, m'mawa n'kukwera galimoto yoyamba. Kuchokera pamsewu ndinatenga kabaza, bambo wachikulire ndithu wosalankhulalankhula. Tinafika dzuwa litakwera kale. Pabwalo panali posasesa. Nkhuku zinkalira m'khola, mbuzi nazo zisanatsegulidwe. Amayi anga chibadwire changa dzuwa silinawapezepo pamphasa, ndiye ndinatsika panjinga isanaime n'komwe.

Ndinaodira, kuli zii. Ndinagogoda chitseko chachitsulo chija mpaka zala kuwawa. Nditawaimbira foni ndinaimva ikulira m'katimo, inalira mpaka kuduka yokha. Ndinathamangira pawindo la kuchipinda. Galasi linali lonyowa cham'kati, koma pampata wa katani ndinaona mbaula pafupi ndi bedi, makala atasanduka phulusa loyera, ndi phazi la amayi litatuluka m'bulangete, losagwedezeka. Nditakweza maso ndinaona mabowo anga onse ali ndi ziguduli.

Zimene makala amachita m'chipinda chotseka ndimaziphunzitsa ana m'kalasi. Sindinayambe ndaopapo ngati tsiku limenelo. Ndinkangoitana amayi ndi mawu amene sindinkawazindikira kuti ndi anga.

Ndinaswa galasi ndi mwala, koma zitsulo zinali pomwepo, zolimba monga ndinazifunira. Wakabaza uja anamenya chitseko ndi phewa, chitseko osamva kanthu. Ndinachitukwana, ndinatukwana akuba amene anandichititsa kuchigula, ndinatukwana ndi fodya yemwe.

"Mayi, khomali si la zidina kodi?" anafunsa bamboyo. "Khasu lili kuti?"

Linali litatsamira pankhokwe. Anayamba kukumba khoma pambali pa felemu, pamene mpiringidzo umalowera. Khoma lochindikala limene ndinkaonetsa alendo monyada tsiku limenelo ndinalida. Dothi linkagwa pang'onopang'ono, ine ndikupala ndi manja, zikhadabo zikuthyoka. Ndinkabwerera pawindo kukayang'ana phazi lija, n'kubwereranso kukhoma. M'mutu mwanga munali kale nyimbo zamaliro za azimayi a Mvano, ndipo ndinkaona anthu akuloza nyumba yanga kuti ndi imene inawapha.

Mpiringidzo utaonekera tinaukankha ndi mpini, chitseko n'kutseguka. M'katimo munali mofunda bwino, fungo la fodya wonyowa lili guu. Tinawanyamula ndi bulangete lomwelo kupita nawo pabwalo. Thupi linali lofunda koma lolefuka, mutu ukungogwera kumbali. Ndinaika khutu pamphuno pawo. Kampweya kanalipo, kochepa kwambiri. Ndinawakupiza ndi chitenje, ndikuwagwedeza, ndikuwalonjeza zinthu zambirimbiri zimene sindikuzikumbukanso. Patapita nthawi anasanza, natsegula maso, nayang'ana kunyumba kuja.

"Iwe," anatero ndi mawu otsika, "tseka chitsekocho, fodya wanga auma."

Ndinalira mokweza mpaka anthu amene anali atayamba kusonkhana anaganiza kuti zachitika. Tinawatengera kuchipatala pangolo, mutu ukuwawawa koopsa, ndipo kumeneko anatiuza kuti tikanachedwa pang'ono tikanakamba zina.

Nditabwerera kunyumba ndinakwera pa mtondo womwe uja n'kuzula ziguduli zonse. Fodya ndinamutulutsa, mbaula ndinaitsekera kukhitchini, ndinawagulira mabulangete ena. Pamene tinakumba paja mmisiri anamatapo, koma chipsera chimaoneka. Amayi analumbira kuti sadzabwerezanso, komabe polumbirapo anawonjeza kuti fodya wa chaka chimenecho anasankhika bwino kuposa wa zaka zonse.

Amagonabe m'nyumbamo, ndipo fodya amalimabe. Amayi anga ndimawadziwa, mtondo nawo uli pomwepo pakhonde. Ndiye kukayamba kuzizira, m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndimaimba foni nditaima, mtima uli m'mwamba, ndipo sindikhala pansi kufikira nditamva akundikalipira kuti ndikuwasokoneza kusesa.