Telala Amene Anakwera Basi ndi Chopondera

Inu amene mukufuna mawu olimbitsa mtima, imvani za Faruk, telala wa ku komboni ya Kanyama. Koma ndikuchenjezeni pasadakhale kuti nkhaniyi ilibe chozizwitsa. Phazi lake silinachire mpaka lero.

Kwa miyezi isanu ndi iwiri makina ake osokera anakhala pakona atafunditsidwa chitenje. Pa mvula ya chaka chimenecho, Faruk akudumpha pa njerwa zimene anthu amandanda m'madzi osefukira, anagwera m'ngalande n'kumenyetsa bondo lamanja pa konkire. Bala linapola, koma mtsempha wonyamula phazi unali utavulala. Phazi linangolendewera. Zala zinkakhula pansi, patapata ankavuka yekha, ndipo pa chopondera cha makina phazilo linkatsetsereka, ulusi n'kumaduka.

Ankakhala pakhonde kumvetsera makina a anzake akulira kutsidya kwa msewu. Ankadziwa ndi khutu lokha kuti uyu akupinda thalauza, uyo lamba wake wamasuka. Phazi lake lamanzere linkagwedezeka lokha pansi.

Chimene chinkamupweteka koposa chinali m'sutikesi: nsalu yoyera ya diresi la ukwati wa Mariya, mwana wake wamkazi mmodzi yekhayo. Faruk anali atasokera ana a eni kwa zaka makumi awiri. Ukwati wa wake unatsala miyezi itatu.

Mkazi wake, Safia, anayesa kumupeputsira.

"Batate ba Mariya, tipeleke chabe nsalu kuli ba Kabaso. Nabo basoka."

"Kabaso asoka monga amanga saka ya malasha," anayankha Faruk. "Mwana wanga si malasha."

Pano ndiyenera kunena cholakwa chake, pakuti ambiri a inu muli nacho. Dokotala anali atamupatsa kalata yopita nayo kwa akatswiri opanga zogwirizira miyendo. Iye anaibisa, chifukwa ankachita manyazi kukhala pa benchi limodzi ndi oyendera ndodo. M'malo mwake anapita pa mulu wa salaula, zovala zakale zochokera kunja, n'kutola chogwirizira phazi cha pulasitiki, chimene chinapangidwira mwendo wa munthu wina wa kutali. Anachivala mobisa. Patapita sabata chinamudula chilonda pa kakolo, ndipo anagona masabata atatu. Manyazi ndi mlangizi woipa: amakulondolerani njira yachidule yokafika pa mphasa.

Chilonda chitapola anatenga kalata ija.

Kuchipatala anakumana ndi mayi Monde, katswiri wopanga zogwirizira. Mayiyo anaika mitundu iwiri patebulo. Choyamba chinali chopyapyala, cholimba, chosapindika pa kakolo. Chimenecho chimabisala m'thalauza, ndipo munthu amayenda popanda woona. Chachiwiri chinali ndi mfundo zopindika mbali zonse ziwiri za kakolo, ndi mphira wobwezera phazi m'mwamba. Chinali chachikulu, choonekera, chofuna nsapato ya zingwe yoposa saizi yake.

Faruk analoza choyamba mosazengereza. Ankadziona kale akuyenda pa ukwati ngati bambo wa ulemu wake.

"Yembekezani," anatero Monde. "Kwendo uku kugwila nchito bwanji?"

"Ndine telala. Nichova makina."

"Ya malaiti?"

"Ku Kanyama? Malaiti yabwela monga mulendo."

Monde anaseka. "Ine makina ya mendo sininachoveko. Ningakonde kuona mwamene kwendo kuyendela."

Mayiyo anangolankhula. Koma Faruk anamva ngati wamutuma. Atafika kunyumba anavundukula chitenje chija, n'kumasula chopondera chachitsulo pamodzi ndi ndodo yake. M'mawa anakwera nacho basi, akukoka phazi.

"Mudala," anatero kondakitala, "geti iyi mwazula pa nyumba ya bandani?"

Basi yonse inaseka. Munthu amene ankaopa benchi la kuchipatala anakhala pakati pa anthu, chitsulo chili pa maondo, mpaka m'tauni.

Kuchipatala Monde anakhazika choponderacho pakati pa matabwa awiri n'kumuveka Faruk chogwirizira chosapindika chija. Faruk anaponda. Kakolo sanayende, chopondera chinangoti zii. Anamuveka chachiwiri. Zala zinatsika, mphira unabweza phazi, chidendene chinaponda. Chitsulo chinagwedezeka kamodzi, kenako kawiri.

"Manje sankhani," anatero Monde, akuloza chopyapyala, kenako chachikulu. "Ichi chizakubisani. Ichi chizakugwilisani nchito. Vonse vibili simungavale pa kwendo kumodzi."

Faruk anayang'ana chopyapyala chija nthawi yaitali.

"Nipimeni cha makina."

Anamukulunga mwendo ndi pulasitala kuti atenge chikombole chake, ndipo patapita masabata awiri Faruk anakalandira chake chenicheni. Musaganize kuti zonse zinatha pomwepo. Anauzidwa kuchivala pamwamba pa sokosi, ola limodzi tsiku loyamba, awiri lotsatira, n'kumayang'ana khungu ngati lafiira. Nthawi ino anamvera. Anayamba kusoka matumba a ufa opanda kanthu, ndipo mizere inkakhota ngati ya wophunzira. Anasoka, kuphwasula, kusokanso. Sabata yachitatu mzere unawongoka. Pamenepo ndi pamene anauza Safia kuti atsegule sutikesi.

Diresi linatha kutatsala masiku anayi.

Pa tsiku la ukwati Faruk anayenda pang'onopang'ono, nsapato zazikulu zili kumapazi, mfundo za chogwirizira zikutukumula thalauza. Anthu anayang'ana, monga momwe ankaopera. Kenako Mariya anatuluka m'nyumba, ndipo maso onse anachoka pa mwendo wa bambo ake. Azimayi anayamba kugwira mpendero wa diresi, kuutembenuza, kufunsa amene anasoka.

"Ni batate," anatero Mariya.

Tsopano ndikufunseni inu amene mwabisa kalata ya dokotala pansi pa matiresi, inu amene mukukoka phazi m'njira zakuseri kuti aneba asakuoneni. Kodi mukuteteza chiyani? Pitani kwa odziwa. Auzeni ntchito imene chiwalo chanu chimagwira, ndipo musasankhe chokubisani kusiya chokubwezerani pa ntchito yanu. Anthu amayang'ana mwendo kanthawi kochepa, koma diresi lija Mariya analisungira mwana wake.

Musataye mtima, ndipo musataye nthawi. Vundukulani chitenjecho.