Asajeni Pakati pa Ophwanya Miyala

Bambo anga anali msilikali, ndipo ngakhale atapuma, msana wawo sunamve kuti ntchito yatha. Ankayenda ali njo, ndipo komboni yonse ya kwathu ku Kanyama inkawatchula kuti ba Sajeni. Za kumalire kumene anakhala zaka zambiri sankatiuza. Ukawafunsa ankangoti, "Ndinabwerako," nkhani n'kuthera pomwepo. Koma kusambitsa mwana kapena kuchapa matewera amayi akadwala, izo ankachita poyera, azibambo anzawo akuonerera.

Atachoka ku usilikali analowa ulonda pa fakitale ina yosoka zovala. Kenako zinafika zaka zija zomwe unga unkasowa, amayi n'kumaima pamzere tsiku lonse n'kubwerako ndi kasopo kokha. Fakitale inatsekedwa. M'nyumba tinalimo ana asanu, ndipo ine woyamba kubadwa ndinali pafupi kulemba mayeso a giredi seveni.

Kwathu zikavuta chonchi, achibale amagawana ana. Si nkhanza ayi, ndi mmene timathandizirana. Choncho azakhali anga, alongo awo a bambo, anabwera kuchokera ku Katete kudzanena kuti anditenga ndizikawalerera ana ndi kuthandiza kumunda. Aliyense ankadziwa kuti mtsikana akapita choncho sukulu yatha, chotsatira ndi chinamwali, kenako banja. Ndinalira mpaka maso kutupa, ndipo azakhaliwo ndinawada ndi mtima wonse.

Bambo anamvetsera mpaka mlongo wawo atamaliza. "Pita ukakolole kaye," anatero. "Ukadzabweranso n'kupeza ana anga akugona ndi njala, udzamutenge."

Kanyama anakhala pa thanthwe, ndipo kuseri kwa nyumba zomalizira kunali malo amene amayi ankaphwanya miyala n'kumagulitsa kwa omanga nyumba. Inali ntchito ya amayi amasiye ndi osowa pogwira. Mwamuna ankalolera kukhala pansi pa mtengo n'kumasewera nsolo, mimba ikulira, kusiyana n'kuti aoneke kumeneko. Bambo anabwereka nyundo, navala nsapato zawo za usilikali, napita.

"Ba Sajeni, manje mwankala muzimai?" anakuwa bambo wina wa pansolo. "Tikubweletseleni chitenge?"

"Bweretsani, nditchinge fumbi," anayankha bambo osatembenuka n'komwe. Ine ndinali pambuyo pawo ndi chigubu cha madzi, ndipo manyazi anandigwira mpaka ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Masiku oyamba analimbana ndi thanthwe mwankhondo, koma thanthwe silidziwa sajeni. Mayi wina wamasiye amene anakalambira pa ntchitoyo anawauza kuti mwala saumenya uli wozizira. Umayatsa tayala lakale pamwamba pake, ukatentha n'kuuthira madzi, wokha umang'aluka. Bambo anamvera ngati akulamulidwa ndi mkulu wa asilikali. Kuyambira pamenepo ankabwera kunyumba ali bii ndi utsi wa matayala, tsitsi lili mbuu, akutsokomola. Zala zawo zinang'ambika, n'kupola, n'kung'ambikanso. Malole akachedwa kubwera kudzagula miyala tinkadya kamodzi patsiku, koma tsiku lopanda kudya silinatipeze, ndipo ine kusukulu sindinajombe.

Azakhali anabweranso atakolola, monga anapangana. Anafika masana bambo kulibe, nasuzumira m'thumba la unga, napeza wangotsala wa pansi. Sanafunse zambiri. Analongedza okha zovala zanga m'chikwama, amayi akungopukuta misozi, chifukwa mkamwana satsutsana ndi mlongo wa mwamuna wake pa nkhani ya ana. "Tiye ukatsanzike bambo ako," anandiuza azakhali.

Tinawapeza atakhala pansi pakati pa amayi aja, miyendo ili tambalale, akugogoda mwala ndi kanyundo. Azakhali anaima chilili, kenako anayamba kulira mokweza ngati pamaliro.

"Achimwene, inu amene mudzi wonse unkakuimbirani mukabwera ndi yunifomu! Mwatichititsa manyazi. Ndipatseni mwanayu, katundu akuchepereni, muchoke pano."

Nyundo zonse zinaleka kulira. Bambo anadzuka pang'onopang'ono, naongola msana uja.

"Mlongo wanga, ndinati ukapeza ana akugona ndi njala. Mufunse mwanayo ngati anagonapo ndi njala."

Azakhali anandiyang'ana. Ndinanena mokweza kuti ayi, sindinagonepo ndi njala.

"Manyaziwo ndisiyire ine, ndiwasenza," anatero bambo. "Koma mwana wanga aliyense agona m'nyumba mwanga, ndipo uyu alemba mayeso ake."

Anatambasula dzanja kuti atenge chikwama changa, ndipo azakhali anachisiya. Chinagwa pansi. Bambo anawerama kuti achitole, koma zala zinakana kupindika. Anayesanso, zinakana. Apa m'pamene ndinaona bwino manja aja, otupa, odzaza ming'alu, chikhadabo china palibe, ndipo ndinadziwa mtengo wa sukulu yanga. Ndinathamanga kuti ndiwathandize, koma anandiletsa ndi diso. Analowetsa mkono wonse m'chingwe cha chikwamacho mpaka pa chigongono, nachikweza, nayamba ulendo wa kunyumba. Anadutsa nacho pamaso pa azibambo a pansolo aja, ine ndi azakhali tikuwatsatira, ndipo iwo anangoweramira pa nsolo yawo.