Kumanda Kulibe Ganyu

Lachiwiri lapitali ndinakumana ndi a Sipanala pasiteji ya Chitakale, akudikira minibasi ngati ife tomwe. Ndinadabwa, chifukwa bambowa sindinawaonepo akuyenda wapansi. Ndi mbadwa ya ku Sri Lanka, ndipo akhala akukonza makina kufakitale ya tiyi kuyambira ine ndili pasukulu. Dzina lawo lenileni linatikanika kutchula, ndiye tinangowapatsa la chitsulo chimene sichichoka m'thumba mwawo.

"Galimoto ndagulitsa," iwo anatero m'Chichewa chawo chokhotakhota chija. "Kontirakiti yatha. Loweruka ndikupita kwathu. Sindibweranso."

Anandifotokozera chintchito chake chotsazika dziko. Chilolezo chogwirira ntchito ukabweze ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka. A msonkho atsimikize kuti ulibe mlandu nawo. Akaunti yakubanki utseke, makiyi a nyumba ya esiteti upereke, winanso abwere kudzaona ngati mipando ilipo yonse. Zonsezi anali atathana nazo, koma nkhope yawo sinali ya munthu womasuka.

"Kwatsala kwa amayi," iwo anatero motsitsa mawu.

Akazi awo anamwalira zaka zingapo zapitazo. Akudwala anapempha okha kuti asadzawakweze ndege ali m'bokosi, koma adzawaike kumudzi kwa amayi othyola tiyi amene ankapemphera nawo. Mudziwo ndi wakwathu, kufupi ndi Milonde, ndipo amene anasambitsa thupi ndi azakhali anga, a Esinati. Choncho tinakwerera limodzi.

Titafika, mpando unatuluka, malonje anachitika. A Sipanala anayamba bwinobwino, kenaka anaphonya.

"Mayi, mundipezere munthu ndimulembe ntchito, azisesa pamanda pa mkazi wanga. Malipiro ndizitumiza."

Ine ndinazyolika. Azakhali ndimawadziwa: akayamba kumanganso mpango kumutu, pali wina amene auzidwe zoona.

"Bambo," iwo anatero, "ganyu ndi wakumunda. Kumanda kulibe ganyu. Tsiku lija adzukulu ankakumba, alipo anakutambasulirani dzanja?"

A Sipanala anapukusa mutu ngati mwana wasukulu.

Apa azakhali anafewetsa mawu. "Agogo athu anachokera kuseri kwa phiriku, ku Mozambiki, mphasa pamutu, ana kumsana. Manda a amayi awo anawasiya komweko. Mpaka kufa kwawo ankadzifunsa ngati alipo amazulapo udzu. Ululu umenewo ife timaudziwa. Malemuwa ndi a m'mudzi muno. Tikamalambula kumanda sitidumpha mtumbira ati poti mwini wake ali kunja."

Bambo aja anavula magalasi nalira, osabisa n'komwe. Ine, amene ndimadzitama kuti ndine wouma mtima, ndinayamba kuyang'ana nkhuku za azakhali ngati ndikufuna kugulapo. Zinandikhudza, abale.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu timaukonda, ndipo maofesi athu anamangidwa pa nzeru yomweyo: wabwera, wagwira ntchito, bweza zathu, ulendo wabwino. Sindikuwada a m'maofesiwo, ntchito yawo ndi imeneyo. Koma kodi munthu amene waika mkazi wake m'dothi lanu akadali mame? Pa madesiki onse amene a Sipanala anaimapo, ndani anawafunsa kuti, "Nanga pali chimene mukusiya chosanyamulika?"

Ndiponso tisaiwale kuti ifenso ndife alendo kwa eni ake. Ana athu adzaza ku Joni. Ena anabwerako ndi masutikesi, ena anagona komweko, ndipo mkazi kapena mwamuna anabwerera yekha pabasi. Kumeneko timapemphera kuti kupezeke a Esinati akumeneko. Nanga ife kuno, mlendo akamatsazika timamufunsa makiyi okha?

Pochoka, azakhali anatiperekeza mpaka pamsewu, monga mwa mwambo. Minibasi itaima, anawagwira a Sipanala dzanja ndi manja awiri.

"Mukafika muimbe foni kwa mwanayu," iwo anatero akuloza ine. "Tikawauze anzathu ali kumanda aja kuti mwafika bwino, angamade nkhawa."

Lamlungu m'mawa, ndili kwa azakhali, foni inalira: anali a Sipanala, afika bwino. Azakhali sanadikire kuti ndimalize kulankhula. Anatenga tsache.