Mawu a amayi pa maikolofoni

Kutchalitchi kwathu ku Unit L, dera la m'tauni kuno kumene anthu amalankhula Chishona, zokuzira mawu ndimayang'anira ndine. Ntchitoyi ndinaitola chifukwa aliyense ankaiopa, komanso ine ndi phokoso sitimwerana madzi. Ndisanayatse chilichonse mabatani onse ndimawatsitsa pansi, ampulifaya ndimayatsa pomaliza, kenaka ndimakweza pang'onopang'ono maso ali pa timagetsi. Tobiriwira tikamaphethira ndiye kuti zili bwino. Kofiira kakayaka, sipika ikupsa ndipo makutu a anthu akuvulala.

Amayi anga ndiwo ankatsogolera nyimbo imodzi ya Chichewa imene inatsala m'mapemphero athu, zina zonse zitapita ku Chishona. Ukalamba utawachepetsa mawu, akulu a mpingo anati azigwira maikolofoni. Anailandira ndi manja awiri ngati mphatso n'kuigwirira pamimba, poti kwa iwo kulozetsa chinthu kukamwa pamaso pa anthu n'kupanda mwambo. Sankamveka. Bambo woimba kiyibodi, amene makutu ake anagontha kale ndi phokoso lake lomwe, anatambasula dzanja patebulo langa n'kukweza batani la amayi mpaka kumapeto. Nthawi yomweyo amayi anakumbukira kuti sanapereke ulemu, ndipo anapita, maikolofoni ili m'manja, kukagwada kwa akulu a mpingo, amene mipando yawo ili pafupi ndi sipika. Sipikayo inalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Makanda anadzidzimuka, mkulu wina anagwira khutu, ana kumbuyo anafa nalo phwete.

Amayi anaika maikolofoni pansi n'kubwerera pamalo pawo. Kunyumba anangoti makina awakana, nyimboyo aziimba ena. Ena ake ati? Achinyamata athu Chichewa amachimva, koma ukawalankhula amayankha m'Chishona, ndipo mawu a nyimboyo sawadziwa. Masabata anadutsa isakuimbidwa. Mtima unkandiwawa kuona amayi atakhala duu pabenchi, manja ali pamiyendo.

Kuwauza kuti asiye kugwada sindikanayerekeza, mwana sauza make zotero. Loweruka lina ndinawanyengerera kuti tipatukire kutchalitchi kulibe anthu, ndipo ndinawapempha aimbe mmene amaimbira akamachapa. Ndinakweza pang'onopang'ono mpaka sipika inayamba kung'ung'udza, ndinabweza pang'ono, n'kudontheza utoto wopaka zikhadabo pamene batani linaima. Malire anali amenewo, ngakhale mawu ankamvekabe aang'ono.

M'mawa mwake, pamapemphero, amayi anaimirira, mwina pongofuna kuti ndisiye kuwavutitsa. Akupita kukagwada ndinatsitsa batani lawo mpaka pansi, ndipo atadzuka n'kutalikira sipika ndinalibweza pa kadontho kaja. Anayamba kuimba, koma kiyibodi inawameza.

"Wedzera, sisi, havasi kunzwika," anandinong'oneza bambo uja m'Chishona, kuti ndiwonjezere poti sakumveka.

Chala chinkandiyabwa, sindinama. Koma m'malo mokweza amayi ndinatsitsa kiyibodi yakeyo mpaka inangotsala pang'ono kuzimiratu. Anandiponyera diso loti tionana, ine ndinangoyang'ana timagetsi tanga.

Mawu a amayi anatuluka opyapyala, onjenjemera. Amene ankadzikupiza ndi mabuku a nyimbo analeka, mayi wina anaika mwana kubere, ndipo anthu anaweramira kutsogolo. Nyimbo inafika kumapeto bwinobwino, ine misozi ikuyenderera, chala chili pabatani.

Tikubwerera kunyumba anandifunsa, "Iwe, lero unandikweza kwambiri eti?"

"Ayi amayi, sindinapyole malire."

"Nanga akumbuyo aja anandimva bwanji?"

"Anakhala chete."

Tinayenda pang'ono. Kenaka anandigwira pamkono n'kunena kuti nyimboyo ili ndi ndime ina imene akhala akuidumpha zaka zonsezi, poganiza kuti anthu amatopa nawo. Anayamba kundiphunzitsa pomwepo, m'mbali mwa msewu, makombi, maminibasi a kuno, akutiimbira mahutala kuti tipatuke.