Chaka Chimene Velichka Anabweza Dzino Lake

Velichka ndakhala naye moyandikana zaka makumi atatu ndi zisanu, pa nsanjika yachinayi ya mdadada wathu kuno ku Gabrovo, khomo lake kuyang'anizana ndi langa. Pafupifupi zaka zonsezo kuseka kwake ndinkangokumva, sindinkakuona. Akati aseke, dzanja linkafika pakamwa phokoso lisanatuluke. Chimene ankabisacho chinali dzino limodzi lakutsogolo, lam'mwamba, limene linamera chopendekeka n'kukwera pa linzake. Kunena zoona silinali loipa moti munthu n'kumadzizunza nalo, koma ukamuuza zimenezo ankangoti mwini pakamwa ndiye amadziwa.

Ankagulitsa matikiti pa depoti ya basi, kuseri kwa galasi lokhala ndi kabowo, ndipo ankati ntchitoyo inamuyenera chifukwa munthu umalankhula utawerama. Kumeneko n'kumene anamupeza Parvan, dalaivala wa basi ya ku Sevlievo, mwamuna wamtali, waphokoso, wopanda chinsinsi m'mimba. Iye yekha ndi amene ankaloledwa kuchotsa dzanja lija. Ankaligwira n'kulitsitsa, ngakhale pamaso pa alendo.

"Tachotsa apa iwe, ndione katundu wanga," ankatero. "Ine ndinakwatira dzinoli, zinazi zinangobwera nawo."

Velichka ankamukwapula ndi kansalu kopukutira mbale, koma ukamuyang'ana bwino unkaona kuti zikumukomera.

Velichka atakwanitsa zaka sikisite, mwana wawo Desislava, amene amakhala ku Germany, anakonza zoti mayi ake akawongoletse dzinolo. Velichka ankazengereza, akuti munthu wa imvi n'kumakongoletsa mano anthu amuseka. Amene anamukankha ndi ine. Ndinamuuza kuti wakhala moyo wonse akutumikira okwera basi, mwamuna ndi mwana, achiteko chimodzi cha iye mwini asanafe. Parvan anangoti, "Lisiyeni, lakulakwirani chiyani?" koma palibe anamumvera. Nthawi imeneyo n'kuti mwamunayo atayamba kuiwalaiwala: makiyi kuwapeza m'firiji, kupita kukagula buledi n'kubwerako ndi nyuzipepala ya dzulo. Tinkaseka, tinkati ndi ukalamba. Mpaka lero ndikakumbukira kuseka kumeneko ndimadzida.

Dokotala wa mano wa Velichka anali mayi wachitsikana, Zaharieva, wolankhula mosazungulira. Anati mawaya ayi, amupatsa timapulasitiki tovala kumano, toonekera mkati, tokwana magulu makumi awiri ndi anayi, gulu lililonse m'kathumba kake kolembedwa nambala. Kalikonse azivala masabata awiri, usana ndi usiku, kuvula pokhapokha pakudya ndi potsuka m'kamwa. Anamuchenjezeratu kuti akasintha kupita ku katsopano, masiku atatu oyamba mano azimuwawa ngati wina akuwakankha ndi chala osasiya, ndipo lilime lizipunthwa polankhula. Zonsezi zinachitikadi. Velichka, munthu wozolowera kulawa chilichonse chili pamoto, anasiya kulawa chifukwa chotopa n'kuvula ndi kutsuka. Khofi wathu wa m'mawa ankamwa mothamanga, maso ali pa wotchi. Banitsa yotentha, chitumbuwa chathu cha tchizi, ankangoinunkhiza. Anawonda, siketi zinayamba kumuzungulira m'chiuno.

Dokotala ananena kuti totha ntchito azitaya. Koma mawu amenewo anauza munthu wa ku Gabrovo, amene amatsuka timakapu ta chambiko n'kutisanja pa kabati, amene amachapa majumbo n'kuwayanika pakhonde. Velichka ankatsuka kapulasitiki kalikonse, kukabwezera m'kathumba kake, n'kukasunga m'bokosi la nsapato pamwamba pa wadirobu.

Chaka chimenecho dzino linkasuntha pang'onopang'ono, nawo mutu wa Parvan unkasuntha. Anasiya kutuluka yekha. Dzina langa linamuthawa, anayamba kunditcha "mayi wa kutsidyako". Koma mkazi wake ankamudziwa, ankamuitana Vela ngati kale, ndipo ife tinkati bola zimenezo.

Tsiku limene Velichka anavula kapulasitiki komaliza, ka nambala 24, tinakumana pa masitepe. Anaika zikwama pansi n'kundisekerera, manja onse ali m'mbali. Ndinalira, sindinama. Mkazi uja anali wokongola, ndipo zaka zonse zija ankayenda ngati wapalamula mlandu. Kwa masabata angapo ankasekerera aliyense, wogulitsa masamba, wobweretsa makalata, ngakhale galu wa pansi uja amene tonse timadana naye.

Kenako m'mawa wina anagogoda pakhomo panga nkhope ili gwa. Anati anamupititsira Parvan khofi akumwetulira, Parvan n'kuthokoza mwaulemu ngati ali pa malo odyera, kenako n'kufunsa ngati Vela waweruka ku depoti. Velichka atamuuza kuti Vela ndi iyeyo, mwamunayo anamuyang'anitsitsa pakamwa.

"Ayi mayi, musandipusitse. Wanga ali ndi dzino lokwera apa," anatero akuloza pakamwa pake.

Tinkayembekeza kuti pofika madzulo zimuchoka. Sizinamuchoke, ngakhale mawa lake, ngakhale sabata yotsatira.

Velichka anabwerera kwa Zaharieva kukapempha kuti alibweze dzinolo mmene linalili. Dokotalayo anamukhazika pansi n'kumuuza mokoma mtima kuti matenda a mwamuna wake ali m'mutu, sali m'kamwa mwa mkazi, ndipo nkhama za munthu wa msinkhu wake sizofunika kuzikokera uku ndi uku, dzino likhoza kugwedera n'kuguluka. Anamukumbutsanso kuti asasiye kuvala chogwiriza mano chimene anamupatsa kuti azigona nacho. Velichka anathokoza, anafika kunyumba, anakwera pampando n'kutsitsa bokosi la nsapato lija. Anatulutsa kathumba ka nambala 23.

Nditazindikira kuti akuvala timapulasitiki tija chobwerera m'mbuyo, magazi anandiwira. Ndinamukalipira m'khitchini mwake momwe, ndinamutcha wamisala, ndinamuopseza kuti ndiimbira Desislava. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu anauma.

"Ginka, wamaliza?" anandifunsa. "Ngati si dzino, ndiye n'chiyani? Dzino ndingathe kulibweza ine. Chinacho ukufuna ndikachitenge kuti?"

Desislava sindinamuimbire.

Ulendo wobwerera unali wowawa kuposa wopita. Timapulasitiki tina tinali titauma, ankachita kutikanikiza ndi zala zazikulu zonse ziwiri misozi ikulengeza. Tina tinkang'aluka, iye n'kudumphira kotsatira, kamene kankaluma kwambiri. Potsuka m'kamwa ankalavula magazi. Zakudya zake zinali chambiko ndi supu, buledi ankachita kumunyika. Mwana akaimba foni ya kanema, Velichka ankakhala chakutali ndi windo kuti nkhope isaoneke bwino, n'kumadandaula za netiweki.

Miyezi yonseyi Parvan ankakhala naye ngati mayi wolembedwa ntchito yomusamalira. Mwamuna amene kale ankamutsina podutsa tsopano ankati zikomo pa chilichonse. Pomusambitsa ankachita manyazi, ankadziphimba ndi thaulo n'kumapepesa kuti akuvutitsa munthu wa eni. Ikakwana faifi koloko, nthawi imene Vela ankaweruka kale, ankavala jekete n'kukaima pakhonde kuyang'ana kumsewu wochokera ku depoti. Velichka ankaima pambali pake kumuthandiza kuyang'anako. Ndikamufunsa kuti akupirira bwanji, ankandiyankha ndi nambala basi. Tatsala ndi naini. Tatsala ndi sikisi. Mtima unkandipweteka, koma ndivomere kuti nanenso ndinayamba kuwerenga naye limodzi, ndipo penapake ndinayamba kukhulupirira.

Anafika pa nambala wani mu Seputembala, nyengo yowotcha tsabola wopangira lyutenitsa, msuzi umene timasunga m'mabotolo, mdadada wonse ukununkhira utsi. Dzino linali litabwereradi, litakwera pa linzake, ngakhale linkagwedera pang'ono ndipo nkhama pamwamba pake inali itada. Masana ena anabwera kudzanditenga, akuti payekha sangathe. Anali atakonza tsitsi mmene ankalikonzera ali ku depoti, atavala bulauzi ya buluu.

Parvan anali pampando wake pabalaza. Velichka anakoka kampando n'kukhala patsogolo pake, maondo awo kugundana. Anamuitana dzina, ndipo atadzutsa mutu anamusekerera, kusekerera kwenikweni, mano onse pamtunda.

Mwamunayo anayang'ana nthawi yaitali. Kenako nkhope yake inawala, inawala ndithu mmene ndinali ndisanaionere chaka chonsecho. Anatambasula dzanja, chala chake chinatsala pang'ono kukhudza mlomo wa mkazi wake.

"Aa, mayi," anatero chapansipansi. "Dzino lanuli ndendende la mkazi wanga. Ndinu achibale ake?"

Kumwetulira kwa Velichka kunakhalabe pamenepo, ngati waiwala kutseka pakamwa.

"Ngati mumaonana naye, mumuuze abwere," Parvan anapitiriza. "Ndadikira mokwana. Kapena ndinamulakwira penapake? Ine pakamwa panga mpoipa, ndinkakonda kumuseka."

Ndinkayembekeza kuti Velichka akuwa, kapena amugwedeza mapewa, chifukwa ine ndikanatero. Iye anangotenga dzanja lija n'kulibwezera bwinobwino pa bondo la mwini wake.

"Simunamulakwire, bambo," anatero. "Ankakondwa mukamamuseka. Ndikamuuza ndithu."

Parvan anathokoza kawiri konse, anaoneka kuti mtima wakhala pansi, ndipo posakhalitsa anayamba kusinza. Velichka anandiperekeza mpaka pakhomo. Ndinafuna kumukumbatira koma anapukusa mutu, akuti ndikangomukhudza agwa, ndipo pali munthu woti amudyetse.

Papita miyezi isanu tsopano. Akumusamalirabe, kumumeta ndevu, kumupatsa mankhwala, ndipo tsiku lililonse amamubweretsera uthenga wochokera kwa Vela, kuti ali bwino, ntchito yangomuchulukira. Makoma a mdadada wathu ndi opyapyala, zambiri zimamveka. M'mawa uliwonse ndimamumva Velichka akuyenda m'kanjira ka m'nyumba mwake ndi thireyi ya khofi, n'kuima pakhomo la chipinda chimene wagonamo ndi mwamuna wake kuyambira ali mtsikana. Amayamba wagogoda, n'kudikira kuti amuuze kuti alowe.