Mtsinje Wayandikira Manda a Ababa

Abale, mtendere wa Ambuye ukhale nanu.

Lero ndakafika kumudzi wa asodzi kuja tinabisala nthawi ya nkhondo. Mitengo yaphukira bwino, koma nyumba zambiri zinagwa, miono ikungowolera pagombe.

Ndapeza agogo ena akusoka ukonde, ndawafunsa za manda a ababa. Akuti, "Aja tinawakulunga m'mphasa yoyanikira nsomba? Tiyeni, mwanawe." Zaka zonsezi akhala akulambulapo okha, chonsecho si abale athu.

Koma mtsinje wadya gombe. Akuti madzi akadzaza chaka chino, mandawo apita.

Ndagwada pomwepo, ndapemphera. Ana a Israeli sanasiye mafupa a kholo lawo ku Ejipito.

Amalume, achemwali, mukuti bwanji? Tiwasamutsire ku Lifidzi, pambali pa manda a amayi, mvula isanagwe?